Ndani Anathira Tiyi M'mabuleki a Mkamwini Wanga?

1

Dzina langa ndine Anesi, wa kuseri kwa Chitakale, kumene msewu wafumbi umathera m'minda ya nthochi. Zaka zanga musandifunse. Amene ankaziwerenga anamwalira kale, ine ndimangodziwa kuti Napolo akudutsa ku Phalombe n'kuti ndili ndi ana anayi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 2 chifukwa aphunzitsi ndi ine sitinkamvana pa nkhani yokhala chete. Kulemba mukuonaku ndinakaphunzira kusukulu ya kwacha nditamera kale imvi, ndiye mukapeza chilembo chagona chagada, chidzutseni nokha.

Ndalemba kuti ndiulule. Chaka chatha, nyengo ya mvula, banja la mwana wanga Esteri linatsala pang'ono kutha, ndipo pa anthu onse amene anabwera kudzaweruza nkhaniyo, wodziwa chilungamo chake ndinali ine ndekha. Ndinakhala nacho m'kamwa masiku asanu ndi anayi ngati kalongonda wosapsa, kumeza osameza, kulavula osalavula.

Esteri ndi mwana wa malemu mng'ono wanga, koma anakulira kumsana kwanga, ndipo amanditchula amayi aakulu. Mwamuna wake ndi Hopewell wa ku Chonde, amene anadzamanga nyumba pamudzi pathu monga achitira akamwini. Munthu waulemu mpaka kutopetsa. Kwathu kuno mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, koma Hopewell anawonjezapo zake. Akandiona ndikubwera amapatukira m'chinangwa, kunyonyomala, n'kuyamba kupereka moni kwa chitsa. Zaka zisanu ndi zitatu zonsezi sindikudziwa ngati maso ake alipo awiri. Ine ndiye ndinkachita dala kumutulukira pakona ya bafa kuti ndione kumene athawire.

Hopewell ali ndi galimoto yoyera, yokalamba ngati ine, imene amanyamulira anthu kuchoka pasiteji ya Chitakale kupita ku Chonde. Loko wa boneti anathyoka kalekale, ndiye ankangomanga ndi mphira ya chubu. Usiku inkagona pansi pa mtengo wanga wa mapeyala, chifukwa pamudzi ponse malo osatsetsereka ndi pomwepo. Loweruka lililonse m'mawa ankaitsegula n'kuyamba kulalikira kwa mkazi wake, ine ndikusenda nandolo pakhonde. Ankaloza kabotolo koyera kakumbuyo kwa injini n'kunena kuti mmenemo ndi mmene muli moyo wa anthu, kuti mafuta a mabuleki asatsike kupitirira mzere wapansi, akatsika ndiye kuti pena pakudontha kapena mapadi ogwira matayala atha. Esteri ankangoti eya, maso ali pa zochapa zake.

2

Tsono panali Sharon. Mayi wogulitsa zitenje pamsika wa Chonde, wonunkhira kuyambira patali, amene tsiku lililonse ankakwera galimoto ya Hopewell, ndipo tsiku lililonse mpando wake unali wakutsogolo. Madzulo Hopewell ankamutula pakhomo penipeni pa nyumba yake, ati chifukwa chikwama cha zitenje n'cholemera.

Ine ndikumudziwa mkamwini wanga. Munthu woopa chitsa sangathe chibwenzi. Koma amayi a pachigayo sankamudziwa, ndipo nkhani inafika kwa Esteri itathiridwa kale mchere ndi tsabola. Tsiku lina masana anakangana pabwalo, anthu akumva. Hopewell ankati kasitomala ndi kasitomala. Esteri, madzi a mbale ali m'manja, anayankha mawu amene anadzamutsata pambuyo pake.

"Musadandaule, bambo a Sophie. Tsiku lina galimoto imeneyo idzafika pakhomo pa Sharon n'kukana kuima."

Ine ndinaseka mpaka kutsamwa. Ndinawonjezanso zanga, kuti ikakana kuima ipitirire mpaka ku Limbe ikatigulire sopo. Anthu onse anaseka, kupatula Hopewell, amene anauza mtengo wa mapapaya kuti wamva.

3

Patatha milungu itatu, Lachinayi m'mawa, amayi atatu anamuchita hayala kuti akawatsitsire zinanazi kuminda ya m'munsi mwa phiri. Mmodzi wa iwo anali Janeti, mnzanga wa kuesiteti, amene tinathyola naye tiyi mzere umodzi zaka zambiri. Galimoto inadzaza mpaka padenga. Msewu wake ndi mtsetse wautali wokhotakhota, wokathera pamlatho wopapatiza, ndipo njira yonseyo phazi la Hopewell linali pabuleki.

Atatsala pang'ono kufika pamlatho, buleki inangomira mpaka pansi, ati ngati waponda nthochi yakupsa. Anapopa, anapopanso, palibe. Janeti akuti anayamba nyimbo yamaliro koma anaiwala mawu ake. Hopewell anagwetsera giya yaing'ono, kukoka handibuleki pang'onopang'ono, kenako ataona kuti mlatho ukubwera msanga kuposa nzeru zake, anakhotetsera m'munda wa tiyi. Zitsamba zinaigwira galimoto ngati mwana wogwera pamphasa. Palibe anathyoka. Mayi mmodzi anadziluma lilime, zinanazi zinamwazikana mpaka kumtsinje, ndipo othyola tiyi anadya bwino tsiku limenelo.

Nditamva ndinayamba kulira. Ndinakhala pansi pomwe ndinaima. Esteri anaganiza kuti ndikulira chifukwa chokonda mkamwini wanga, mpaka anandipatsa madzi akumwa.

4

Galimoto anaikokera pansi pa mapeyala panga, ndipo m'mawa mwake kunabwera a Isake, makaniko wa pa Chitakale, munthu amene zikhadabo zake zinasiya kuyera asanakwatire. Analowa pansi, anatsata mapaipi onse ndi chala, anachotsa matayala. Podontha panalibe. Mapadi anali adakali ndi nyama. Anatsegula kabotolo kaja n'kupeza mafuta ali pamzere wapamwamba ndendende.

Anaima kaye, akukanda m'mutu ndi sipanala. Kenako ananunkhiza. Anatulutsa kasefa kamene kamakhala pakamwa pa kabotoloko, kukagogoda padzanja, n'kuyamba kufikisa tinthu takuda ndi chala.

"Bambo anga anagwira m'fakitale ya tiyi zaka makumi awiri," anatero a Isake. "Ichi sindingachisokoneze. Uyu ndi tiyi. Ndipo si wa m'sitolo, ndi uja wafumbi amagawira antchito."

Anafotokoza kuti mafuta a mabuleki anawapanga kuti azipirira moto, chifukwa pamtsetse mabuleki amatentha kwambiri. Madzi ndiwo sapirira. Akasakanikirana ndi mafutawo amawira, kusanduka nthunzi m'mapaipi, ndipo phazi likaponda limangofinya nthunziyo osafika kumatayala. Njira ya ku Chonde n'njosatsetsereka, n'chifukwa chake galimoto inkaima bwinobwino masiku onsewa. Phiri ndi limene linaulula.

Hopewell anangotembenuka n'kuyang'ana kukhitchini kwake, kumene ketulo ya Esteri inali pamoto.

Madzulo asanakwane, mudzi wonse unali utakumbukira mawu aja a pabwalo. Ena ankati Esteri anakatenga khuzumule kwa sing'anga, m'malo momudyetsa mwamuna anadyetsa galimoto kuti izipitirira pakhomo pa Sharon. Alongo ake a Hopewell anatumiza mawu kuchokera ku Chonde kuti palibe za khuzumule apa, mkaziyo amafuna kupha m'bale wawo. Hopewell analongedza malaya m'chikwama n'kupita kwawo, ati akaganize. Esteri anasiya kudya. Ankangokhala pakhonde kuluka ndi kumasula tsitsi la mwana wake Sophie mpaka mwanayo anayamba kuthawa.

Ine ndinayesetsa kuthandiza m'njira zanga. Ndinauza amayi pamjigo kuti anyani a m'phiri masiku ano achenjera, amatsegula ngakhale mapoto. Ndinati mwina mafutawo anabwera choncho kuchokera kumene amawapanga. Ndinati galimoto yagwa m'munda wa tiyi, ikanuka chiyani, khofi? Anthu ankaseka n'kumati azakhali Anesi ndiye sakalamba. Palibe ndi mmodzi yemwe anandiyang'ana kawiri. Nkhalamba yosadziwa kumene galimoto imayambira ndi kumene imathera, angaiganizire chiyani?

5

Tsiku lachisanu ndi chinayi, Loweruka m'mawa, ankhoswe anakhala pansi pa mapeyala pomwepo, galimoto ili pambali yopanda matayala ngati mboni. Mbali yathu anali alongo anga a Elson, mbali ya Hopewell anali amalume ake a Sekani. Hopewell anakhala chondifulatira. Ine ndinakhala pamphasa ndi amayi ena, nditavala nsapato zanga zapulasitiki zotseka kumapazi ngakhale kunkatentha.

Analankhula a Sekani, nthawi yaitali, za miyoyo inayi imene inatsala pang'ono kutayika. Analankhula a Elson, nthawi yaitali kuposa pamenepo, chifukwa a Elson salola kupitiriridwa. Pomaliza anatembenukira kwa Esteri ndi mawu ofewa. Anati nsanje si mlandu, akazi ambiri anachitapo zotere, iye angovomera kuti anali mankhwala achikondi osati akupha, apepese, nkhani ithere pomwepo, mwamuna abwerere kunyumba.

Nkhuku inadutsa pakati pa bwalo. Kenako Esteri anadzutsa mutu.

"Amalume, sindinathire. Sindivomera chimene sindinachite kuti ndigule nacho banja. Ngati bambo a Sophie akukhulupirira kuti ine ndingawaphe, azule malata awo azipita. Ndiwathandiza kunyamula."

Hopewell anaimirira. Anapukuta fumbi kuthalauza, anatola chipewa chake. A Sekani nawo anayamba kufunafuna ndodo yawo. Ndinaona kuti zatha, ndipo atha nazo ndi mwana amene ndinamutafunira chakudya ali khanda.

Ndinavula nsapato zanga n'kutambasula mapazi pakati pa bwalo.

"Akamwini akhale pansi," ndinatero. "Tiyi uja ndi wanga. Ndipo sindinaikemo shuga, ndinaopa nyerere."

Mapazi anga anali osaoneka bwino, khungu la pakati pa zala litasupuka, lofiira ngati nyama ya pabutchala. Ndinawauza zonse. Ife amene tinathyola tiyi zaka makumi atatu titaima m'mame, linyetsu ndi m'bale wathu. Mvula ikangoyamba limabwera, kunyerenyetsa mpaka munthu kufuna kudula zala. Kalekale dalaivala wina wa thirakitala kuesiteti anandiuza kuti mafuta a mabuleki amaliwotcha kamodzi n'kamodzi. Ndiye Lamulungu lina ndinati mapazi akuwawa sindipita kutchalitchi. Anthu onse atachoka ndinamasula mphira ija, kutsegula kabotolo kamene mkamwini wanga ankakaloza Loweruka lililonse, n'kukokamo pang'ono ndi sirinji yomwetsera mbuzi mankhwala. Nditapaka zinaluma ngati mavu, koma kunyerenyetsa kunaleka tsiku lonse.

Zikanathera pomwepo ndikanakhala munthu wosunga pakamwa. Koma ndinauza Janeti kuti ndapeza mankhwala a ku Milanje, kutsidya kwa malire, osapezeka wamba. Janeti anauza mlamu wake. Pofika Lamulungu lachitatu masana, pakhonde panga panali amayi asanu ndi awiri atatambasula mapazi, akunditchula adokotala, wina atabweretsa nthochi, wina chinangwa. Ine ndi nthenga ya nkhuku, kupaka mmodzimmodzi, kwinaku ndikuwalangiza kuti asadye therere masiku atatu. Za thererezo ndinangopeka, kuti mankhwala alemekezeke.

Koma mafuta m'kabotolo anayamba kutsika, ndipo ndinakumbukira ulaliki wa mzere uja. Ndinayang'anitsitsa mtundu wake. Anali ofiirira, ndendende tiyi wopanda mkaka wotsala dzulo. Ndinawiritsa tiyi wanga, kumuziziritsa, kumusefa ndi kansalu, n'kuthira mpaka pamzere. Ndinachita zimenezi Malamulungu asanu. Lomaliza ndinamva anthu akubwera kuchokera kutchalitchi, ndiye sindinasefe.

Janeti, amene anali pamphasa pomwepo, anayang'ana mapazi ake, kuyang'ana galimoto, n'kufunsa ngati ndikutanthauza kuti mabuleki amene anawafuna pamlatho paja anali atawaponda yekha. Ndinati ena mwa iwo, eya.

A Elson anaphimba nkhope ndi chipewa, mapewa akugwedezeka. Hopewell sanaseke nawo. Ankafuna kukalipa, ndipo mkamwini sakalipira apongozi. Anayenda mpaka pathunthu la mapeyala, kuima chiriri, n'kuyamba kulankhula nalo.

"A mtengo, mukanatipha. A mtengo, mafuta amenewa ndikanakugulirani botolo lanulanu mukanangonena. Anthu anayi, a mtengo."

"Mtengo wamva," ndinayankha, ndipo ulendo uno sindinali kuseka. "Mtengo walakwa kwambiri. Ukupepesa."

Ankhoswe anawomba m'manja, ati nkhani yatha bwino, tiyeni tithokoze. Koma Esteri anaimirira asanamalize.

"Amayi aakulu analakwa chifukwa galimoto saidziwa. Inu bambo a Sophie mwagona nane nyumba imodzi zaka zisanu ndi zitatu. Simundidziwa?"

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ine sanandiyang'ane n'komwe.

6

Masiku atatu Hopewell ankabwera m'mawa, kukhala pamwala wa pakhomo pake ngati mlendo, madzulo n'kubwerera ku Chonde. Chitseko chinali chotseka. Tsiku lachinayi a Isake anabwera ndi mabotolo atsopano osatsegula, atatsuka kale kabotolo kaja. Anati tsopano pafunika kubulida, ndiko kutulutsa zonse zakale m'mapaipi mpaka mutatsala mafuta okhaokha opanda mpweya, ndipo ntchito imeneyi siya munthu mmodzi. Iwo akhala kuboneti kuthira kuti kabotolo kasaume. Wina agone pansi ndi sipanala, azimasula ndi kumanga kanati ka kuseri kwa tayala lililonse. Wachitatu akhale pampando wa dalaivala, azipopa buleki, ndipo akamva kuti gwira, aponde osasuntha mpaka wapansiyo atamanga. Akasiya phazi kanati kali kotsegula, mpweya ulowa, ntchito iyambirenso.

Ndinati wopopa ndilipo. A Isake, Hopewell ndi a Elson amene ankangodutsa, onse anakana pakamodzi.

Hopewell anapita pachitseko n'kugogoda. Zimene ananena sindinamve, ngakhale ndinayesetsa. Patapita nthawi Esteri anatuluka, nkhope ili gwa, akumanga chitenje.

"Mugona pansi pa galimoto, ine ndili pachiwongolero?" anafunsa. "Simukuopa?"

Hopewell anayala thumba, kugona chagada, n'kudzikokera pansi mpaka kunatsala mapazi okha. Esteri anakhala pampando.

Ndiye inayamba nyimbo yake. Popa, popa, popa, gwira. Kuchokera m'kapaipi kamene a Isake analumikiza pakanati munkatuluka zamadzimadzi zofiirira kugwera m'botolo, a Isake n'kumandifunsa ngati ndikufuna kapu. Tayala loyamba linatha, lachiwiri, lachitatu. Amayi a pamjigo anali atatula zidebe zawo kumpanda. Pa tayala lomaliza Hopewell anati gwira, tinamva sipanala ikumasula, ndipo Esteri anatulutsa mutu pawindo.

"Ndagwira. Koma phazi latopa. Nenani kaye zija munanena pachitseko, anthu amve monga anamvera zinazo. Apo ayi ndisiya, tiyambirenso."

A Isake anachonderera kuti asayerekeze, mafuta atsala botolo limodzi. Kenako pansi pa galimoto panatuluka mawu, okweza kuposa mmene ndinamumverapo Hopewell chiyambire.

"Ndinalakwa, mayi a Sophie. Ndinakuganizirani zoipa popanda kukufunsani. Ndikhululukireni."

"Mangani," anatero Esteri.

Anamanga. Mafuta m'kapaipi anali oyera mbee. Esteri anapondanso, buleki inalimba pamwamba pomwe ngati waponda mwala. Madzulo amenewo chikwama cha malaya chinabwerera kuchokera ku Chonde.

7

Inu amene mwawerenga mpaka apa, mwaseka, ndipo sindikuletsani, ngakhale ine ndimaseka. Koma mutengepo kanthu.

Mafuta a mabuleki si mankhwala a munthu. Tonse asanu ndi atatu tinakafola ku Mulanje Mission, ndipo anamwino ataona mapazi athu anati linyetsu likadalipo, chimene tinawotcha ndi khungu lathu. Anatipatsa mankhwala opaka enieni. Inu a galimoto, a Isake akuti m'kabotolo kaja muzithira mafuta a mtundu umene walembedwa pachivundikiro, ochokera m'botolo lotseka, osati madzi, osati mafuta ophikira, osati chilichonse chongofanana nawo mtundu. Akuti ngakhale popanda nkhalamba ngati ine mafutawo amakoka okha chinyezi, ndiye pakatha zaka ziwiri muziwasintha, ndipo akafiira ngati tiyi ndiye kuti munachedwa kale. Buleki ikayamba kufewa musanyamule ana a eni ake. Ndipo konzetsani loko wa boneti.

Koma chimene chimandiwawa ine si tiyi. Tiyi ndinathira mosadziwa. Masiku asanu ndi anayi aja ndinakhala chete ndikudziwa, ndikuona mwana wanga akuonda, ine n'kumanamizira anyani, chifukwa ndinkaopa kuti amayi amene ankanditchula adokotala andiseka. Ngati pali wina akusenza mlandu wanu lero, musadikire kuti ankhoswe atole ndodo zawo.

Esteri anamukhululukira mwamuna wake m'masiku anayi. Ine anandisunga mwezi wathunthu, moni wa m'mawa basi. Kenako tsiku lina anatulukira ndi beseni la madzi ofunda, kukhala pansi, n'kuika mapazi anga pamiyendo pake. Anawatsuka, kuwapukuta, n'kuyamba kupaka mankhwala a kuchipatala aja pakati pa zala, akutsindika ndi chala chachikulu kuposa mmene anamwino ananenera.

Ndinamuuza kuti zikuwawa. Anati akudziwa, ndibweretse phazi linalo.